Pikapu Imene Inathawa ndi Maliro ku Odzi

Khalani pansi anzanga, mafoniwo muyambe mwawavundikira, inenso yanga ndaiika m'thumba, onani. Mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa nkhani ya pikapu ya malume anga mwakhala mukuimva kwa anthu amene sanagwirepo waya chibadwire. Ena akuti ndinkafuna kugwetsa bokosi la maliro. Ena akuti ine, mtsikana wa ku Dangamvura uja, foni inandidya mutu. Lero mumve kwa mwiniwake, ndipo ndikakweza mawu musandiletse, mtima wanga sunazizirebe.

Malume anga, mlongo wawo wa amayi, ali ndi pikapu yoyera ya dizilo. Imanyamula chilichonse, nthochi za ku Burma Valley, njerwa, mbuzi, katundu wa anthu osamuka. Koma ntchito imene amadziwika nayo ndi ya maliro. Mukudziwa inu, ife zidzukulu za anthu a ku Malawi amene anakalambira m'mafamu a dziko lino tilibe mudzi woti akatiike. Mudzi wathu ndi sosaite ya maliro. Munthu akatisiya, sosaite imabweretsa bokosi, tenti ndi masipika, ndipo galimoto imakhala ya malumeyo.

Vuto linali magetsi. M'tauni amapita nthawi imene afuna, ku makomboni a m'mafamu ndiye kulibe n'komwe. Ndiye masipika timawalumikiza ku batire ya pikapu kudzera pa inveta. Koma injini ikamangolira pang'onopang'ono galimoto itaima, siidzaza batire mokwanira. Abusa ali pakati pa ulaliki, sipika kungoti zii! Kenako pikapu yomweyo kukana kulira, amuna a masuti n'kumaikankha thukuta lili kamukamu. Mankhwala a malume anali njerwa. Ankaika njerwa pa akiseleta, chopondera cha mafuta chija, kuti injini ikwere. Njerwa ikasendera pang'ono, injini imakuwa ngati nkhumba ikuphedwa, anthu onse n'kutembenuka kusiya nyimbo.

Ine ku koleji sindinapiteko. Zonse zimene ndimadziwa, kukonza machaja, kulumikiza sola, kupima waya ndi kamita, ndinaphunzira pa foni, bando ya intaneti ikatha n'kumakaima pakhoma la anthu a wayifayi. Tsiku lina ndinaona vidiyo ya mzungu wina wa kunja, wandevu mpaka pachifuwa, akuika kachipangizo m'pikapu yake. Kachipangizo kake kakang'ono ngati sopo wosambira. Umakalumikiza kuseri kwa akiseleta, n'kuika switchi pafupi ndi chiwongolero. Ukaima, n'kukoka handibuleki, n'kuyatsa switchi, kamawerenga masekondi asanu, kenako injini imakwera yokha n'kukhazikika pamenepo, osakuwa, osatsika. Ukaponda buleki imatsika nthawi yomweyo. Ndinaonera vidiyo imeneyo mpaka ndinaloweza ngakhale pamene galu wake amadutsa.

Mayi wina amene amapita ku Joni kukaoda katundu anandibweretsera kachipangizo kotero. Ndinathamangira kwa malume.

"Malume, njerwa ija yapuma pantchito."

Anakatembenuza uku ndi uku, n'kukanunkhiza. "Iwe, galimoto yanga si wailesi ya amako."

"Tangoyesani kamodzi."

"Ikapsa ukandiberekera nthochi pamsana mpaka ku msika wa Sakubva?"

"Ndikabereka."

Anaseka, n'kundiponyera makiyi. Linali Lamlungu masana, pabwalo lawo. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili pampando, chitenje nditamanga pamwamba pa thalauza kuti anthu odutsa asapeze chonena. Anapezabe. Bambo wina wa pafupi anaima pampanda n'kumauza malume m'Chishona kuti, "Sekuru, mwasowa makaniko mu Mutare monse muno?" Ndinangopitiriza ntchito yanga.

Mawaya anali anayi. Wa moto, wa ku handibuleki, wa ku buleki ya phazi, ndi wina wobiriwira. Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ine sindibisa pamene ndinalakwa. Wobiriwirayo ndi wouza kachipangizo kuti galimoto siili m'giya. Pikapu za azungu a m'mavidiyo ndi zosintha magiya zokha, zili ndi polumikiza waya ameneyo. Ya malume ndi ya ndodo, ilibe. Ndinafunsa pa gulu lina la pa foni la anthu okonda magalimoto. Wina anayankha msanga kuti, "Ingomumangirira ku chitsulo cha bodi, aziona ngati zonse zili bwino. Ndani amayenda atakoka handibuleki?" Ndinaona kuti ndi zoona. Ndani amayenda atakoka handibuleki? Ndinamangirira.

Nditayatsa, tinawerenga limodzi. Wani, thu, fili, folo, faifi. Injini kuti vuuu, n'kukhazikika bwinobwino ngati kwaya yagwira nyimbo. Malume anapendeketsa mutu, khutu lili ku boneti.

"Aa, izi? Thirakitala ya pa famu inali nazo kale izi. Kandodo ka pa dzanja."

Ndi kuthokoza kwawo kumeneko. Ndinawauza katatu, ndipo amayi anga ndi mboni, kuti musananyamuke muzizimitsa switchi. Ndinamata ngakhale kapepala kofiira pamenepo. Anandiyankha kuti, "Ndinayamba kukoka matirela a fodya amako asanamere mano. Usandiphunzitse." Kapepalako anakamatula tsiku lomwelo, ati kakuipitsa galimoto.

Maliro awiri anadutsa bwinobwino. Masipika sanakhosomole n'komwe. Kodi munamva wina akunena kuti ndi nzeru za mtsikana uja? Ayi. Ankati, "Koma pikapu ya madala iyi ndi yamphamvu!"

Kenako anamwalira a foromani. Tinkawatchula choncho ngakhale kuti famu ya ku Odzi imene ankayang'anira inagawidwa ine ndili wakhanda. Anthu ambiri anabalalika, ena m'tauni, ena kokumba golide, koma iwo ndi akazi awo anatsalira pa komboni yakale, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, akulima kadimba ndi kugwira maganyu m'mapuloti a eni atsopano. Malume anakulira pa komboni yomweyo, ndipo ndi a foromaniwo amene anawakweza pa thirakitala koyamba.

Zaka ziwiri zomaliza a foromani anafa mbali imodzi. Osayenda, osalankhula bwino. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi sipuni, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse, anali akazi awo. Mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula, manja ake okhakhala ngati chikwa cha mtengo. Nthawi zonse tikapita ndi malume ankandipatsa mbatata yootcha n'kunena kuti, "Idya mwanawe, foni siikhutitsa." Kwawo kulibe. Anabadwira pa famu ina, makolo awo anaikidwa pa famu inanso. Ku Malawi amangokumva m'nyimbo.

Pa maliropo panafika alongo awo a malemu kuchokera ku Harare, chikwama chonyezimira, magalasi akuda. Zaka ziwiri zonse zija anabwera kamodzi kokha, ndipo sanagone. Koma kulira kwake! Anayambira pamsewu, mpaka agalu a pa komboni anathawa.

M'mawa wa tsiku loika, mapemphero anachitikira pakhomo. Ine ndinalumikiza masipika, kukoka handibuleki, kuyatsa switchi, injini n'kukwera. Zonse bwino. Abusa atamaliza, amayi a ku tchalitchi anandiitana kuti ndikathandize kunyamula nkhata za maluwa. Ndinamasula mawaya a masipika mothamanga, ndikudziwa kuti switchi azimitsa mwini galimoto. Si ndinawauza katatu?

Kale bokosi ankalinyamula pamapewa, manda anali pafupi. Koma mwini puloti wina anatchinga njira yachidule ndi waya waminga, ndiye pano timazungulira ndi msewu wa matirela, wautali, wotsetserekera kumtsinje. Anyamata onyamulanso atsala ochepa. Ndiye bokosi limakwera pikapu, adzukulu awiri, okumba manda aja, amakhala nalo kumbuyo, pikapu n'kumayenda ngati kamba, anthu akuimba pambuyo pake. Kutsogolo kumayenda bambo mmodzi wonyamula mtanda. Ndipo mwambo wa pa komboni imeneyo ndi wakuti namfedwa amayenda atagwira chitseko cha kumbuyo kwa galimoto. Amamuperekeza mwamuna wake ndi dzanja mpaka kumanda.

Chimene ine sindinkadziwa, ndipo palibe vidiyo imene ikanandiuza, ndi mmene malume amayendetsera maliro. Amaika giya wani, n'kuchotsa mapazi onse, injini izingodzikoka yokha. Pakafika potsetsereka amakoka handibuleki mano awiri, kete kete, kuti galimoto isathamange. Ati ndi mmene ankatsitsira tirela ya fodya pa mtunda womwewo. Ndani amayenda atakoka handibuleki? Malume anga. Malume anga enieni.

Ine ndinali pakati pa amayi, mizere itatu kuchokera pa galimoto, nkhata ili m'manja. Titayamba kutsetsereka ndinamva kete kete. Sindinaganize kanthu. Kenako vuuu!

Pikapu inadumpha. Bokosi linasendera kumbuyo n'kugunda chitseko kuti gu, pamene panali dzanja la mayi aja. Anagwa chogwada pafumbi. Wa mtanda uja anadziponya m'minga, mtanda uko, chipewa uko. Nyimbo inaduka pakati. Malume anaponda buleki, injini n'kutsika, bokosi n'kusendera kutsogolo, adzukulu atalikumbatira maso ali tong'o.

Abusa anati, "Tiyeni, tiyeni, ndi mwala chabe." Amayi awiri anadzutsa namfedwa, kumupukuta maondo. Nyimbo inayambanso monjenjemera. Malume anachotsa phazi pa buleki, galimoto n'kuyamba kukwawa. Mayi aja anayenda, kuyenda, n'kufika, n'kuika dzanja pachitseko. Ine m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuwerenga, osafuna. Fili, folo, faifi.

Vuuu! Gu!

Pamenepo ndinadziwa. Masekondi asanu a kachipangizo anali ofanana ndendende ndi nthawi imene mayi wokalamba amatenga kuti aipeze galimoto. Akangoigwira, iyo n'kuthawa.

Anthu anayamba kung'ung'udza. "Akukana." "Malemu akukana." "Ali ndi mawu." Mukudziwa mmene timakhulupirira, kuti maliro akavuta panjira ndiye kuti mwiniwake ali ndi chifukwa ndi munthu. Ine ndinkayesa kudutsa, koma msewu ndi wopapatiza, uku waya waminga, uku ngalande, amayi atathithikana. "Pepani, pepani, ndidutse." Wina anandikoka chitenje. "Ukupita kuti iwe? Mtsikana sapitirira bokosi."

Kachitatu. Dzanja pachitseko, vuuu, gu! Ulendo uno mmodzi wa adzukulu anadumpha n'kuthawira m'chimanga.

Ndinataya nkhata, kulowa m'ngalande, kuthamanga mpaka pa windo la malume. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, thukuta likutsika m'khosi, milomo ikupemphera. Ndinalowetsa dzanja n'kuzimitsa switchi. Thapu.

"Malume, switchi! Simunazimitse!"

Anayang'ana switchi, n'kuyang'ana handibuleki, n'kundiyang'ana ine. Ndinaona m'maso mwawo kuti amvetsa zonse. Anandigwira pamkono, zala zawo ngati pulayazi.

"Tseka pakamwa."

"Koma anthu akuganiza kuti..."

"Ndati tseka. Ukufuna anthu adziwe kuti galimoto yanga inafuna kutaya a foromani m'ngalande? Ndani adzandipatsenso maliro? Bwerera kwa amayi anzako."

Nthawi yomweyo kumbuyo kunali kutabuka moto. Alongo a malemu anali atavula magalasi. Mawu awo ndikuwamvabe.

"Mwaona nonse! Katatu! Akangogwira iyeyu, mlongo wanga akuthawa! Unamudyetsa chiyani? Zaka ziwiri uli naye wekha m'nyumba, unkamupatsa chiyani? Chotsa dzanja lako pamenepo, mfiti iwe!"

Anawakoka mayi aja paphewa n'kuwakankhira kumbali kwa msewu. Mayiwo anangoyang'ana dzanja lawo, chala chimodzi chikutuluka magazi pamene bokosi linawapana.

Malume anachotsa phazi pa buleki. Pikapu inatsetsereka mwaulemu, mwakachetechete, mpaka kumanda, osadumphanso. Inde, chifukwa switchi inali yozimitsa! Koma anthu anaona chiyani? Anaona kuti mkazi atangochotsedwa, malemu anavomera. Ine ndi dzanja langali ndinawapatsa umboni. Mukumva? Ndikanachedwa pang'ono, ikanadumpha kachinayi mayiwo ali kutali, nkhani yonse ikanafera pomwepo.

Kumanda anawaimika patali, pansi pa mtengo wa mthethe, ndi mayi mmodzi yekha wa ku tchalitchi amene analimba mtima kukhala nawo. Nthawi yoponya dothi itakwana, abusa anayang'ana komweko, pakuti woyamba amakhala namfedwa. Alongo aja anati, "Ameneyo asayandikire. Mukufuna bokosi litulukenso?" Abusa anayang'ana pansi. Atcheya a sosaite anayang'ana pansi. Malume anali ataima pafupi ndi ine, chipewa chili pachifuwa, akuimba besi ngati munthu wosalakwa. Ndinatsegula pakamwa. Anandiponda phazi, osasiya kuimba.

Ndipo ndinakhala chete. Ine amene mumanditi wailesi, amene sinditha kudya osalankhula. Ndinaima pamenepo n'kumaonerera mafosholo akugwira ntchito mpaka dzenje linadzaza, mtumbira n'kuumbidwa, nkhata n'kuikidwa. Nkhata ya mkazi anaika alongo aja. Mayiwo anaonera zonsezo ali pansi pa mthethe, chala atachikulunga m'nsonga ya chitenje.

Pobwerera ndinakwera kutsogolo ndi malume, awiriwiri.

"Malume, mawa pometa akawathamangitsa m'nyumba. Ndamva alongo aja akunena kuti awasudzule mawa lomwelo, atenge chikwama chokha."

"Za banja la eni sizitikhudza."

"Apita kuti? Kwawo n'kuti?"

"Zizizira zokha. Anthu amaiwala."

"Inu munkadya m'nyumba imeneyo muli mnyamata!"

Anaimitsa galimoto. "Iwe, amene anaika chinthu chimenechi ndani? Ine ndinali ndi njerwa yanga, sinathawepo ndi maliro. Ukayankhula, ukudzipachika wekha. Ndikukuteteza."

Kunditeteza! Anzanga, mawu amenewo ndi amene anandipsereza. Munthu wamatula kapepala kanga, sanazimitse switchi, wandiponda phazi pamanda, ndiye akuti akunditeteza.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pakhomo pa mwambo wometa. Amuna pamipando, amayi pamphasa, namfedwa pakati ngati wakuba wogwidwa pamsika. Chikwama chake chinali chitatulutsidwa kale, chili pakhonde. Alongo aja anayamba kufotokoza mmene mlongo wawo analankhulira dzulo pamaso pa anthu onse. Atcheya a sosaite, bambo wamtali amene anapuma ntchito ku njanji, ankangogwedeza mutu.

Makiyi anali ndi ine, chifukwa malume anandituma kuti ndilongedze masipika ndi tenti. Ndinalowa m'pikapu, kuiliza, kuibweza mpaka pafupi ndi bwalo. Anthu anatembenuka mokwiya. Ndinatsika, kugwada monga mwa ulemu, koma mawu anga sanagwade.

"Pepani akuluakulu. Dzulo si a foromani amene amathawa. Ndi waya wanga."

Malume anaimirira. "Iwe! Choka apo!"

Atcheya anakweza dzanja. "Musiyeni mwanayo. Wati chiyani, mwanawe?"

Ndinafotokoza mothamanga, Chinyanja, Chishona, Chingerezi, zonse pamodzi. Palibe anamva. Ndiye ndinati, "Atcheya, bwerani muime kumbuyoku. Mugwire chitseko ngati mmene anagwirira amayiwa."

Anazengereza, koma anabwera, akukonza jekete. Ndinayatsa switchi, kuika giya wani, kuchotsa mapazi, kukoka handibuleki mano awiri. Kete kete. Pikapu inayamba kukwawa, atcheya akuitsatira, dzanja pachitseko. Ndinatulutsa mutu pa windo n'kuwerenga mokuwa kuti aliyense amve. Pa faifi, vuuu! Atcheya anatsala akugwira mphepo, pakamwa pali yasa. Ndinaponda buleki, injini n'kutsika.

"Bweraninso."

Anabweranso. Vuuu! Kachitatu anabwera okha osaitanidwa, ndipo inawathawanso.

Ndinazimitsa injini n'kutsika. Ndinatembenukira kwa atcheya. "Nanga inu atcheya, munadyetsa ndani? Kumbuyoku kulibe bokosi. Ikukuthawani chifukwa chiyani?"

Amayi anga akanakhalapo akanandimenya pakamwa. Koma mdzukulu uja anathawira m'chimanga anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwa pa benchi, ena n'kutsatira. Alongo a malemu okha ndi amene sanaseke.

"Ndiye mwati chiyani? Mzimu umagwira chimene wapeza. Wapeza waya, wagwira waya. Bwanji sizinachitike pa maliro ena?"

"Maliro enawo anali a m'tauni, mayi, kopanda mtunda wotsetsereka, ndipo anthu anakwera makombi, maminibasi aja. Mukufuna muyese inuyo? Bwerani mugwire. Tione ngati ikukondani."

Sanabwere.

Atcheya anatembenukira kwa malume. "Madala, inu mumadziwa zimenezi dzulo?"

Malume anayang'ana nsapato zawo. Atcheya sanafunsenso. Anatenga chikwama chija pakhonde ndi manja awo n'kuchilowetsa m'nyumba. Potuluka anati, "Mayi awa sapita kulikonse. Nyumba ndi yawo. Ndipo sosaite iyamba yafuna galimoto ina, mpaka tidzakambirane."

Malume anapita ku pikapu, kutenga pulayazi, kudula mawaya anga onse anayi, n'kuponya kachipangizo pamapazi anga. "Wandivula pagulu, mwana wa mlongo wanga. Usadzakhudzenso galimoto yanga." Ananyamuka okha. Ine ndinabwerera ku Mutare pa lole ya tomato.

Koma ndisananyamuke ndinalowa m'nyumba muja. Kunena zoona, ndinkayembekeza kuti andithokoza. Ndinkadziona ngati ngwazi. Ndinawapeza atakhala pa bedi la malemu, mutu wometedwa kumene, akupinda malaya a amuna awo. Ndinagwada pakhomo.

"Amayi, pepani. Zatha tsopano, aliyense wadziwa."

Sanandiyang'ane msanga. Anamaliza kupinda malaya, kuwasalaza ndi dzanja lija la chala chotupa.

"Unadziwa liti, mwanawe?"

"Dzulo."

"Dzulo nthawi yanji?"

"Panjira. Isanafike kumanda."

"Ndiye pamene ankakwirira, iwe unkadziwa."

"Malume anandiletsa, amayi. Anandigwira..."

"Eya." Anatenga malaya ena. "Nyumba ndikhalamo, zikomo. Koma zaka makumi anayi ndakhala ndi bambo amenewa. Ndinawasambitsa ndekha mpaka tsiku lomaliza. Dothi langa lija ndikaponya liti?"

Yankho lake pa foni palibe, ndafufuza. Manda sakumbidwanso kuti munthu aponye dothi.

Mpaka lero malume sandilankhula. Tikakumana pa shopu amayang'ana mitengo ya sopo ngati akuwerenga nyuzipepala. Amayi anga akuti ndikawapepese, chifukwa malume ndi malume, tsiku lina adzandiimira pa ukwati. Ndikawapepese chiyani? Kuti ndinanena zoona? Wondiuza za waya wobiriwira uja ndinamulembera pa gulu, ndime zisanu, iye anangoyankha ndi kankhope koseka. Alongo a malemu anabwerera ku Harare, ndipo ndamva kuti kumeneko akufotokozabe kuti mlongo wawo anakana katatu. Onsewo ndimawakwiyira, ndipo ndikayamba kuwatchula mmodzimmodzi tiswera pano.

Koma amene ndimamukwiyira kwambiri ndi mtsikana uja anaima pamanda pakamwa atatsegula, n'kutsekanso chifukwa chopondedwa phazi. Phazi chabe! Silinathyoke n'komwe. Zoona zomwezo zimene ndinanena m'mawa mwake ndikanazinena fosholo yoyamba isanagwe, bwenzi mayi aja ataika mwamuna wawo.

Ndiye musandiuze za waya, waya ndikudziwa kale mmene ndikanamulumikizira. Ndiuzeni izi. Muli pamanda, anthu onse akhulupirira kale, malume anu amene anakulerani akupondani phazi, ndipo mayi uja waima yekha pansi pa mthethe. Inuyo anzanga, mukanatani?